Magalasi a Adada ndi a Mkamwini Wawo

Mwiza, ika pansi chinthucho, ndipo uike mwaulemu, osati ngati ukutula mtolo wa nkhuni. Tawonga, nawenso bwera nawo enawo kuno pamphasa. Ndakutumani kukatenga nsalu ya patebulo m'bokosi, inu mwabwera ndi chuma changa chonse. Poti mwatulutsa, khalani pansi mumve. Manja okha asagone, mtedzawu sudziswa wokha. Ndilankhula Chinyanja chanu cha m'tauni, chifukwa Chitumbuka chimene mumadziwa inu ndi "yewo" basi, ndipo mumamukumbukira pokhapokha mbale yafika.

Inu mumati mabayinokyula. Ife tinkangoti magalasi, ndipo kwathu ku Magodi konse munthu akati magalasi ankanena oonera kutali a adada anga, a Yesaya Zimba. Ndamumva Tawonga akuti awiriwa ndi mapasa. Kwa munthu wothamanga ndi ofananadi. Onse ndi akuda, onse ndi afupi ndi otambalala m'mapewa, onse anachokera ku fakitale imodzi ya ku Jeremani, ndipo pa onse panalembedwa manambala omwewo, 8 ndi 30. Koma si mapasa ayi. Ndi kholo ndi mwana wake, ndipo pakadapanda kusiyana kwawoko, bwenzi inu kulibe, mtedza wangawu ndikudya ndekha.

Nyamula akumanzerewo, Mwiza. Walemedwa eti? Amenewo ndiye a adada. Taona m'makona mmene utoto unathera, chitsulo chachikasu chikuonekera, umenewo ndi mkuwa. Chokutira kunjachi ndi chikopa chenicheni, tanunkhiza, chikadali ndi fungo la utsi wa m'nyumba ya amama. Pakati alibe kagudumu. Kuti uone bwino umapotokola diso lililonse palokha, lamanja kenaka lamanzere, ndipo mbalame yopanda ulemu imauluka iwe usanamalize. Galasi lake ukalipendeketsa padzuwa lilibe mtundu uliwonse, lili mbee ngati madzi a pakasupe.

Adada anawalandira kwa dokotala wina wachizungu wa pachipatala cha mishoni, dziko lisanalandire ufulu. Dokotalayo ankakonda mbalame mopenga, ndipo adada ndiwo ankayenda naye m'madambo ndi m'nkhalango. Mzunguyo ankadziwa maina a m'mabuku, adada ankadziwa kulira kwa mbalame iliyonse ndi kumene imamanga chisa, ndiye ankangosinthana nzeru. Pobwerera kwawo atakalamba, anawakoleka magalasiwo m'khosi mwa adada nati akhale kumene kuli mbalame zake.

Anthu a m'mudzi ankaona ngati adada anatengera matenda a mzungu. Kwathu mbalame inali ndiwo. Alongo anga ankasema malegeni ndi kutchera ulimbo, ndipo akagwira mpheta khumi ankayenda ngati apha njati. Tsono munthu wamkulu, mwini ng'ombe, mkulu wa mpingo, kumavala jekete Lamulungu masana n'kukaima pachulu kuyang'ana chinthu chimene sadya, zinali zoseketsa. Kuseka kunachepa tsiku limene ng'ombe za m'mudzi zinasochera, adada n'kukwera pachulu chomwecho n'kunena kuti zili tsidya la dambo, pansi pa mkuyu, ndipo ya diso limodzi ija yagona. Kuyambira pamenepo anthu ankati magalasi a Zimba ndi a ntchito, mwini wakeyo ndiye amawawononga pa mbalame.

Mwa ana onse, ine ndekha ndinkawatsatira. Lamulo linali loti usambe m'manja kaye, ndipo chingwe chilowe m'khosi usanakhudze china chilichonse. Chinthu choyamba chimene ndinaona chinali choso pa duwa la nthochi kuseri kwa khola. Choso ndinkamudziwa, kadontho kakuda kosakhazikika. Koma tsiku limenelo ndinaona kuti pachifuwa pake pali moto wofiira, ndipo pamutu pali kubiriwira kowala ngati botolo. Ndinatsitsa magalasi kuti ndione ngati ndi mbalame yomweyo. Adada anangoseka nati dziko lili ndi zovala zambiri, ife timangoliona chapatali. Inu mumatambasula zala pa foni n'kumati mwaona mbalame. Mwaona chithunzi cha mbalame ya eni ake, ana inu.

Ndinakula nthawi ya chipani chimodzi. Simungamvetse, inu amene mumasintha zipani ngati malaya. Chipani chinali chimodzi ngati dzuwa, ndipo khadi lake unkayenda nalo pathumba, chifukwa masiku ena popanda khadi sunkalowa mumsika. Akuluakulu akabwera pa boma ku Lundazi, amayi tinkavala zitenje zofanana n'kukavina mpaka fumbi kulowa m'makutu. Chinanso chimene tinkachidziwa bwino ndi mzere. Mphekesera ikamveka kuti kusitolo kwafika sopo, unkasiya khasu m'munda n'kuthamanga, ndipo nthawi zina unkaima theka la tsiku n'kupeza kuti chimene chafika ndi machesi. Koma musaganize kuti tinkangodandaula. Pamzerepo ndi pamene pankamveka nkhani zonse za m'dera, maukwati ambiri anayambira pamenepo. Mafuta ophikira akasowa sitinkalira, mtedza unalipo, tinkatendera chilichonse, ndipo mbatata ya chiponde ya amama inkaposa buledi wanu wa m'mapepalayu.

Agogo anu aamuna, a Alufeyo Mtonga, sindinakumane nawo pamzere. Ndinakumana nawo padambo. Ndinali nditakula, ndipo adada anali atayamba kundilola kutenga magalasi ndekha. Inali nthawi ya mvula zoyamba, madokowe atafika kudzatola ziwala. Ndili chiyang'anire, ndinamva belu la njinga kumbuyo kwanga. Anatsika mnyamata wamtali wovala khaki wa asikauti oteteza nyama zakutchire, nandipatsa moni. Anati kwawo ndi kwa Mphamba, amagwira ntchito kunkhalango ya nyama ya Lukusuzi, ndipo wabwera pa tchuthi kudzaona azakhali ake. Musadzinamize kuti ankayang'ana nkhope yanga. Maso ake anali pa chimene chinkalendewera m'khosi mwanga. Kenaka anatsegula chikwama chake natulutsa awa akumanjawa.

Tanyamula, Tawonga. Ndi opepuka, chifukwa chitsulo chake si mkuwa. Pamene utoto unasupuka pakuoneka zotuwa. Chokutira si chikopa, ndi zopanga zofanizira chikopa, n'chifukwa chake sizinunkha kanthu. Pakati pali kagudumu, ukakazunguza ndi chala chimodzi maso onse awiri amakonzeka pamodzi. Tsopano pendeketsa galasilo. Waona kubiriwira kwa buluu ngati khosi la njiwa? Amenewo ndi mankhwala amene ankapaka kuti kuwala kulowe kwambiri. Ndipo apa paphewa pali nambala ya utoto woyera, chizindikiro choti anali katundu wa boma.

Anandibwereka kuti ndiyese. Kunena zoona, dambo linawala ngati wina walitsuka. Koma sindinamuuze. Ndinati ndi opepuka ngati chidole cha mwana, mphepo ikhoza kuwaulutsa. Iye anaseka, ndipo tinaima pamenepo kukangana mpaka madokowe anatopa nafe n'kuchoka.

Sabata lomwelo anabwera kunyumba kudzapereka moni kwa adada. Zonse zinkayenda bwino. Anakamba za nang'omba, za zinkhwe za kuchigwa, za nkhwazi imene inkalanda nsomba kwa asodzi, mpaka adada anachita chimene sankachitira mlendo aliyense. Analowa m'nyumba natulutsa magalasi awo kuti mnyamatayo ayang'anemo. Apa ndi pamene pakamwa pa agogo anu panathamanga kuposa mutu. Anayang'ana pang'ono, nati ndi olemera ngati nkhwangwa, ndipo amaonetsa ngati kukufuka utsi wa lupsa, a kuntchito kwawo ndiye enieni. Adada anatambasula dzanja. Anawalandira, nawapukuta ndi kansalu ngati agwera m'matope, nalowa m'nyumba osatulukanso.

Patapita miyezi, azakhali ake aja anabwera kudzanong'oneza amama za ukwati. Adada anakana. Anati sangapereke mwana wawo kwa munthu wogona kutchire ndi njovu, wothamangitsana ndi anthu a mfuti opha nyama mozemba, chifukwa sakufuna kulera mwana wamasiye. Amama anandiuza kuseri kuti nkhani si njovu, nkhani ndi utsi uja. Chaka chinatha chotero. A Alufeyo ankabwerabe tchuthi chilichonse, tinkalankhulana panjira ya kuchitsime, ndipo azakhali awo ankadabwa kuti mwanayu wayamba liti kuwakonda chonchi.

Tsono inali nthawi ya nkhondo ya ku Rhodesia. Ndege za adani zinkaponya mabomba mbali ya ku Lusaka, milatho ina inaphulitsidwa, ndipo wailesi inkatiuza tsiku ndi tsiku kuti tikhale tcheru ndi akazitape. Kwathu kunali kutali ndi zonsezo, koma mantha alibe mtunda. Achinyamata a chipani ankalondera ngakhale kamlatho ka pamsewu wathu, kamene ngolo ikadutsa kankanjenjemera.

M'mawa wina adada anapita kukamlatho komweko. Anamzeze anali atayamba kumanga zisa kunsi kwake, ndipo iwo ankafuna kuona mmene amaumbira dothi. Anakhala m'tchire chapatali kuti asawaopse, magalasi ali m'maso, kuloza pamlatho. Tangoganizani mmene zinaonekera kwa anyamata awiri ochokera kudera lina, amene sankawadziwa. Ine ndinali kusinja pamene mayi wina anafika ali wefuwefu kudzanena kuti a Zimba awagwira, ali kwa wapampando wa chipani, ndipo galimoto ikapezeka apita nawo ku polisi pa boma.

Wapampandoyo anali a Ngulube, bambo wonenepa amene anagwirapo ntchito kumigodi, ndipo nthawiyo ankagulitsa nsomba zouma. Sanali munthu woipa. Adada ankawadziwa bwino, ankapemphera nawo tchalitchi chimodzi. Koma anyamata aja anali atafalitsa nkhani, anthu anadzaza pabwalo, ndipo a Ngulube ankaopa kuti akangowamasula adada, mawa ofunsidwa adzakhala iwowo. Choipitsitsa, wina ananena kuti magalasi otere amawaona ndi asikauti a boma, ndiye mwina ndi obedwa. Milandu inakhala iwiri, ukazitape ndi kuba. Ndinawapeza adada atakhala pakhonde, jekete lili ndi zisoso, nkhope ili pansi. Magalasi anali pampando pakati pa bwalo ngati mfiti yogwidwa.

Amama anandikokera pambali nandifunsa ngati mnyamata wa utsi uja alipo. Analipo, anali atafika dzana lake. Ndinatenga njinga ya adada, yakuda yolemera ija ya mabuleki a timitengo tachitsulo, imene sindinkafikira bwino pachishalo, ndipo ndinapalasa choimirira mpaka kwa azakhali ake. Chitenje chinakodwa mu tcheni n'kung'ambika, sindinaime. A Alufeyo atamva, anavala yunifolomu, natenga chikwama, nandikweza kumbuyo. Anthu anayamba kutinena tsiku limenelo, koma panalibe nthawi ya manyazi.

Atafika sanalowe ngati msilikali. Anavula chipewa, nakhala pansi pafumbi, napereka moni kwa a Ngulube ndi kwa akulu onse mmodzimmodzi. Kenaka anapempha kuti aike magalasi ake a boma pambali pa a adada, kuti a wapampando aone okha ndi maso awo. A Ngulube ananyamula awa, nanyamula awo, navomera kuti kulemera n'kosiyana. Anapeza okha kagudumu, anapeza okha nambala yoyera, ndipo anatembenuza a adada mbali zonse kufuna pamene nambala ikadapalidwa, osapapeza. A Alufeyo anawapempha kuti awerenge timalemba ta paphewa, poti Chingerezi ankachidziwa cha kumigodi. Taona nawenso, Mwiza, maso ako ndi atsopano. Pa a agogo anu palembedwa kuti Jeremani wa kumadzulo. Pa a adada palembedwa Jeremani basi. A Ngulube atawerenga, nkhope yawo inamasuka, nauza anthu kuti dziko limenelo linagawika pawiri itatha nkhondo yaikulu ya azungu, ndiye magalasi osatchula kumadzulo anapangidwa lisanagawike.

Apo a Alufeyo anaimirira, nalankhula mokweza kuti bwalo lonse limve.

"Awa a adada ndi kholo, angawa ndi mwana. Boma lathu lisanabadwe, ine ndisanabadwe, awa anali akuona kale mbalame. Munthu sangabe kwa mwana chinthu chimene chinabala mwanayo."

Ndinayang'ana adada. Nkhope inali ikadali pansi, koma ndinaona khutu lawo likusuntha.

Mlandu wa kuba unathera pomwepo. Unatsala wa mlatho. A Ngulube anati njira ndi imodzi, tonse tipite tikaone chimene a Zimba ankayang'ana. Tinanyamuka mudzi wonse, ana, agalu, ndi amayi a miphika pamutu. Adada anawakhazika a wapampando pamalo pomwe anawagwirira, nawakonzera diso lamanja ndi lamanzere. A Ngulube anayang'ana nthawi yaitali, pakamwa pali yasa. Kenaka anayamba kufotokozera anthu kuti kambalame kabwera ndi dothi kukamwa, kakumata, kanzake kakudikira, ndipo kakumata bwino kuposa amene anawamangira nyumba yawo. Anthu anaseka. Atatembenuka pang'ono kuloza tsidya la dambo, anadzidzimuka n'kuimirira. Anaona mbuzi zawo zili m'dimba la mlaliki, zikudya kabichi mosatekeseka. Anatuma anyamata awiri omwe aja kuti athamange akazitulutse mlaliki asanadziwe, koma mlaliki anali ataima kumbuyo kwawo.

Tsiku limenelo panapangika mzere wautali pamlatho, mzere wopanda sopo kumapeto kwake. Aliyense ankafuna kuyang'anamo, ena mwa a adada, ena mwa a Alufeyo, ndipo adada anatumiza mwana kukatunga madzi kuti aliyense asambe kaye m'manja. Agogo ena aakazi ataona mdzukulu wawo ali pafupi m'galasi anatambasula dzanja kuti amugwire, ali kutali ngati apo pali chigayo. Anyamata aja pobwera kothamangitsa mbuzi anapepesa, ndipo adada anawaonetsa nawonso anamzeze.

Kenaka tinabwerera kunyumba. Adada atafika anakhala pampando wawo, napukuta magalasi, nauza amama osawayang'ana kuti mnyamata uja ngati akadali ndi maganizo aja, atumize akuluakulu akwawo. Amama anafunsa za njovu zija. Adada anati njovu n'zochepa masiku ano.

Tinakwatirana itatha nthawi yokolola. Ng'ombe za malowolo zinayenda kuchokera kwa Mphamba, ndipo ine ndinatsatira njira yomweyo chobwerera, ndi bokosi lomwe mwatsegulali pangolo. Ndinkalima chimanga ndi fodya kumudzi kwa apongozi, agogo anu ali kutchire ku Lukusuzi. Ana anabwera, atate ako Mwiza poyamba, amene ankalira ngati nkhanga, kenaka amayi ako Tawonga. Moyo wa mkazi wa sikauti ndi wodikira. Mwamuna ankabwera pa tchuthi atada bii ndi dzuwa, atanyamula uchi m'botolo ndi nkhani zosatha.

Musaganize kuti mkangano wa magalasi unatha ndi ukwati. Tikapita ku Magodi, anthu awiriwo ankatenga mipando n'kukhala moyandikana kuyang'ana kudambo, aliyense ndi ake. Dzuwa likamapendeka, a Alufeyo ankaonabe nthenga za nantchengwa pamene magalasi a adada ayamba kuchita mdima, koma anali ataphunzira kusunga pakamwa. Adada ankati a buluuwo amakometsera zinthu ngati wogulitsa pamsika, awo amanena zoona. Kagudumu ankati n'ka anthu aulesi. Zaka zonsezo magalasi a mkamwini wawo sanawakhudze ngakhale ndi chala, ndipo mwini wakeyo ankamutchula kuti a Mtonga, ngati munthu wodzagula ng'ombe.

Kenaka maso a adada anayamba kufooka. Kuchipatala anawapatsa mandala ovala, a mafelemu akuda okhuthala, ndipo Baibulo anayambanso kuwerenga bwino. Koma kudambo kunavuta. Taonani timakapu ta kumaso pa magalasi onse awiriwa, n'tolimba ngati nyanga. Munthu wovala mandala diso lake limakhala kutali, ndiye amangoona kabowo kakang'ono ngati akusuzumira m'bango. Akavula mandala, mbalame imodzi inkaoneka ziwiri zosamveka bwino, ngakhale apotokole bwanji. Adada anasiya kupita kudambo. Ankauza anthu kuti ndi mawondo. Amama anatumiza uthenga kuti bambo anu akungokhala pakhonde, chakudya akungotola pang'ono, ndipo Lamulungu masana amagona.

Nthawi yomweyo kuntchito kwa agogo anu kunabwera magalasi atsopano, ndipo akalewa anawasiyira asikauti poti boma linati atha ntchito. Atsopanowo sali pano, anabwezedwa pamene agogo anu ankapuma ntchito, koma ndikuwakumbukira ngati ndawagwira lero. Anali a fakitale yomweyo, thupi lomwelo, manambala omwewo. Galasi lake linkawala mofiirira ngati duwa la mbatata, osati buluu. Ndipo timakapu ta kumaso tinali ta mphira wofewa, totheka kupindira kunja. Ukatipinda, mandala amafika pafupi, ndipo munthu amaona bwalo lonse.

Ine ndinati tiwatengere ku Magodi msanga. A Alufeyo anakana. Anati pakhomo pawo, pamaso pa anthu amene akhala akumva kwa zaka kuti zatsopano n'zachabe, adada sangawalandire. Anatumiza uthenga wina. Anati kumtsinje, kumunsi kwa kampu yawo, kwabwera mbalame imene asikauti onse akukangana dzina lake, ndipo palibe wina angathetse mkanganowo koma adada. Amama anati uthengawo utafika, mawondo anachira tsiku lomwelo.

Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa loswa mtengo. Ana ndinawasiya kwa apongozi, ndipo ine ndi adada tinakwera lole ya matumba a thonje kuchokera pa boma. Inu mumadandaula basi ikachedwa pang'ono. Ife tinakhala pamwamba pa matumba, fumbi lofiira likutiphimba, lole ikumaima pachitunda chilichonse kuti imwe madzi. Pamene msewu unathera, a Alufeyo anatichingamira ndi njinga ziwiri. Adada anali atakumbatira magalasi awo m'jekete ulendo wonse. M'njira ankatchula mbalame ndi makutu okha, uyo mnthengu, uyo nkhulukulu, koma sanawatulutse ngakhale kamodzi, ndipo ine mtima unkandiwawa.

M'mawa mwake tinatsikira kumtsinje. Madzi anali ataphwa, patsala mchenga ndi timaiwe. Tsidya lina kunali gombe lalitali la dothi, lobowokabowoka ngati chisa cha njuchi, ndipo pamabowopo panali mbalame zofiira zosawerengeka, zikulowa, zikutuluka, zikusokosera. Anali afulagombe, amene amakumba zisa m'gombe nyengo yotentha. Kwa maso wamba linali ngati gombe lapakidwa magazi oyenda. Adada anatulutsa magalasi awo, nayesa ndi mandala, nayesa opanda mandala, kenaka anawatsitsa pang'onopang'ono n'kunena kuti dzuwa likuthobwa.

A Alufeyo anali atapinda kale timakapu ta mphira tija. Anawapereka ndi manja awiri, akuyang'ana kumbali.

"Adada, manja anu atopa ndi ulendo. Tandigwirirani awa pang'ono, ndimange nsapato. Mandala musavule."

Nsapato zake zinali zomanga kale, koma anawerama n'kuyamba kuzimasula. Adada anaima ndi chinthucho m'manja ngati awapatsa mwana wa eni. Anayang'ana ine, ine ndinayang'ana mchenga. Kenaka anakweza.

Ana inu, ndinaona msana wa munthu wokalamba ukuwongoka. Chala chawo chinapita chokha pa kagudumu ka anthu aulesi kaja. Kenaka anayamba kulankhula motsitsa, ngati akuuza mwana wogona. Anati mutu wake ndi wobiriwira, anali ataiwala kuti mutu ndi wobiriwira. Anati iyo yagwira njuchi, ikuimenyetsa panthambi kuti ichotse mbola. Anati iyo yalowa bowo la eni ake, aithamangitsa, ndipo anaseka mpaka kutsokomola. Misozi inkatsika kunsi kwa mandala, iwo osaipukuta, poopa kuti akatsitsa manja mbalame zichoka. A Alufeyo anamanga nsapato ija n'kuimasula, n'kuimanganso, mpaka anatopa n'kukhala pansi. Dzuwa linafika pamutu, ine ndinamanga chitenje pamitengo kuti adada akhale pamthunzi, ndipo chakudya chimene tinatenga anadya ndi dzanja limodzi.

Pokwera kubwerera kukampu, adada anafunsa kuti nanga mbalame ya mkangano ija ili kuti. A Alufeyo anakanda m'mutu nati ikuoneka kuti yasamuka. Adada anawayang'ana nthawi yaitali pamwamba pa mandala, nati mbalame zotero zimasamukadi. Tinayenda pang'ono. Kenaka anaima, nabweza magalasi aja kwa mwini wake, koma chingwe anachigwirabe.

"Tchuthi chako chikubwerachi ndi liti, mwana wanga?"

Agogo anu anayankha kuti ndi cha Khirisimasi. Aka kanali koyamba kuitanidwa choncho.

Kuyambira chaka chimenecho mpaka pamene anatisiya, adada ankadziwa masiku a tchuthi cha mkamwini wawo kuposa ine mwini mwamuna. Agogo anu akafika kwa Mphamba madzulo, m'mawa mwake ndisanafike n'kuchitsime komwe, ndinkamva belu la njinga pabwalo. Anali adada, atapalasa kuchokera ku Magodi ndi mawondo awo odwala aja, jekete lili pathupi, m'manja atasamba kale.